Mafayilo anayi, mgolo umodzi

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Chinamwali, mu mzinda wa Zomba, ndipo ndalifupikitsa motere: "Ndine kapitawo pa fakitale yaing'ono yopanga sopo wamadzi, jiki ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi. Tilipo anthu 14 pamodzi ndi aganyu. Abwana akufuna tiyambe kupeza makontirakiti akuluakulu, ndiye anaitana munthu wotithandiza, amene watisiyira mafayilo anayi: ya chitetezo, ya umoyo wa antchito, ya zachilengedwe ndi ya ubwino wa katundu. Iliyonse ili ndi mafomu ake ndi msonkhano wake, koma wodzaza ndine ndekha. Ndamva kuti makampani akuluakulu amaziphatikiza zonsezi, amati SHEQ (chidule cha mitu inayiyi m'Chingerezi). Kodi ife ang'onoang'ono zingatheke? Nanga pophatikizapo sititaya kanthu?"

Mayi, mwafunsa nthawi yabwino, mafayilowo asanakutopetseni mpaka kuyamba kumangosaina osawerenga. Yankho langa ndi lakuti inde, phatikizani. Pamalo a anthu 14 palibenso njira ina. Koma funso lanu lachiwiri ndi limene landikhudza kwambiri, chifukwa chilipodi chimene anthu amataya pophatikiza, ndipo kawirikawiri chimakhala chomwe chimadzavulaza munthu.

Tisiye kaye ofesi, tilowe m'chipinda chanu chosakaniziramo mankhwala. Ndi Lolemba m'mawa, mnyamata wanu akuyamba sopo wamadzi. Wathira madzi mu mgolo wapulasitiki, wamasula thumba la kositiki (caustic soda). Akamathira kositiki m'madzi pang'onopang'ono uku akutakasa, madzi amatentha, mgolo n'kumamveka kufunda ukaugwira kunja. Akasemphanitsa, n'kuthira timadzi tochepa pa mulu wa kositiki, zimawira nthawi yomweyo n'kumulumphira kumaso. Imeneyo ndi nkhani ya chitetezo. Fumbi limene amapuma pomasula thumba, ndi timadontho tomugwera pamkono tsiku ndi tsiku mpaka khungu kung'aluka ngati chidendene m'chilimwe, ndi nkhani ya umoyo. Akapyola muyezo, kositiki wina amatsala osadyedwa ndi asidi wa sulphonic, pH (muyezo woonetsa ngati chinthu chapendekera ku asidi kapena ku kositiki) n'kukwera, ndipo sopoyo amakayabwa ndi kusupula manja a mayi wotsuka mbale pa sukulu yogonera komweko. Pamenepo ubwino wa katundu wathera pomwepo. Akamaliza amatsukuluza mgolo n'kukhuthulira madzi mu ngalande ya kuseri, ndipo tafika ku chilengedwe.

Munthu ndi mmodzi, mgolo ndi umodzi, ola ndi lomwelo. Mapepala okha ndiwo anayi. Mukam'patsa onse anayi, awerenga limodzi kapena sawerenga n'limodzi lomwe. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga anayi?

Choncho kuphatikiza sikutanthauza kuchotsa mapepala m'mafayilo anayi n'kuwalowetsa mu fayilo imodzi yonenepa. Kumayambira pa pepala limodzi la ntchito iliyonse, lolembedwa m'Chichewa, lokutidwa ndi pulasitiki, lomatidwa pakhoma pamene ntchitoyo imachitikira. Pepalalo lizitsata mmene manja amayendera: vala magalasi otseka mbali zonse, magolovesi ofika m'chigongono, epuloni ndi majombo, ona ngati mumpopi wotsukira m'maso muli madzi, thira madzi ochuluka mwakuti, yeza kositiki pa sikelo, makilo akuti, thira pang'onopang'ono, yeza pH, ikhale pakati pa apa ndi apa, lemba nambala ya batchi, madzi otsukuluzira thira mu mgolo wakuti. Wowerenga sangadziwe kuti mzere uwu ndi wa fayilo iti, ndipo safunikira kudziwa. Musalilembe nokha mu ofesi. Imani ndi mnyamatayo pa mgolo, azichita inu mukulemba, chifukwa iyeyo ndiye akudziwa kuti magolovesi amene munagula amaterera akanyowa ndi sopo, n'chifukwa chake amawavula mukangotembenuka.

Za miyezo ya dziko lonse lapansi, imene imalembedwa ndi bungwe la ISO, ndidutsa mofulumira, popeza mbali imeneyi ndi yosavuta. ISO 9001 ndi ya ubwino wa katundu, inatuluka koyamba mu 1987. ISO 14001 ndi ya chilengedwe, ya 1996. ISO 45001 ndi ya chitetezo ndi umoyo pantchito, inatuluka mu 2018 kulowa m'malo mwa OHSAS 18001. Onani kuti kumeneko chitetezo ndi umoyo zili kale pamodzi, ndiye mafayilo anu awiri sanayenere kulekana n'komwe. Kuyambira 2012 bungwe la ISO linagwirizana kuti miyezo yotere izikhala ndi msana umodzi wa mitu 10, ndipo ISO 9001 ndi ISO 14001 zinalembedwanso motero mu 2015. Tanthauzo lake kwa inu ndi ili: mfundo ya kampani ikhale imodzi, kaundula wa maphunziro a antchito akhale mmodzi, fomu yonenera chimene chalakwika ikhale imodzi, kudziyendera nokha kukhale kumodzi, msonkhano wa abwana wounika zonse ukhalenso umodzi. Botolo lofufuma limene kasitomala wabweza, chala chopsa ndi asidi, chigubu chodontha pakhonde, zonse zilembedwe pa fomu yomweyo ndipo zifunsidwe funso lomwelo: chinayambitsa n'chiyani? Mudzadabwa kuona kuti nthawi zambiri mayankho amakumana pamalo amodzi, monga chigubu chopanda lebulo, kapena waganyu amene anayamba ntchito osauzidwa kanthu.

Abwana anu muwauze mosabisa kuti setifiketi ya ISO si lamulo, ndipo ndi yodula. Lamulo ndi lina. Pali Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, imene imafuna kuti malo antchito alembetsedwe ndi kuti ngozi zizinenedwa ku unduna wa zantchito. Pali Workers' Compensation Act ya 2000 yonena za chipukuta misozi. Pali Environment Management Act ya 2017 imene inabala MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ndi Water Resources Act ya 2013 yokhudza kutaya madzi oipa m'mitsinje. Ndiye pali MBS (Malawi Bureau of Standards), imene yakhalapo kuyambira 1972, yoyeza katundu wanu ndi kuyendera malo amene mumapangira. Chizindikiro cha MBS chimanena za chimene chili m'botolo, pomwe ISO 9001 imanena za mmene kampani imayendetsera ntchito. Yambani ndi malamulo ndi MBS. Kayendetsedwe kanu kakhale kotsata msana wa ISO, kuti tsiku limene kasitomala wamkulu adzafune setifiketi musadzayambirenso pachiyambi.

Tsopano tibwere pamene pali mtima wa nkhani. Zinthu zinayizi sikuti nthawi zonse zimagwirizana. Pena zimakokana, ndipo phindu lalikulu lophatikiza ndi lakuti mkanganowo mumauthetsa muli phee pa mpando, osati moto utabuka.

Pa 1 November 1986, nyumba yosungiramo mankhwala a ulimi ya kampani ya Sandoz, ku Schweizerhalle pafupi ndi Basel m'dziko la Switzerland, inapsa. Ozimitsa moto anagwira ntchito yawo, anathira madzi ambirimbiri, moto unazima. Koma madziwo analibe poima. Anatenga mankhwala n'kulowa nawo mu mtsinje wa Rhine, umene unasanduka wofiira, ndipo mikunga ndi nsomba zina zinafa pa mtunda wa makilomita mazana. Woona za moto anapambana, woona za mtsinje analira, ndipo onse anali a nyumba imodzi.

Zomwezo zimachitika kwa inu, kungoti pang'ono. Chigubu cha asidi chikatayika pansi, fayilo ya chitetezo imati tsukani msanga munthu angapondepo. Ndiye mnyamata amatenga payipi n'kukankhira zonse kunja. Zomba ndi mzinda wokhala m'tsinde mwa phiri, madzi sachedwa pamalo, ndipo kaya ngalande yanu ilowera m'kamtsinje kati, mathero ake ndi nyanja ya Chilwa. Ndinene moona: klorini ndi asidi sizifika kunyanja zili ndi ukali wake. Zimapha pafupi, pa dambo loyamba pamene amayi amachapa, ana amasambira, ndi pamene wina amatunga madzi othirira mpiru. Nsomba zimafa ndi klorini wochepa kwambiri, wosakwana n'komwe amene ali m'madzi akumwa a pampopi. Zimene zimayenda ulendo wautali ndi mchere, thovu la sopo ndi phosphate, kudutsa minda ya mpunga ya ku Likangala mpaka kunyanja. Ndipo Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuwa, zotsalazo zimakhala momwemo. Nyanja imene inauma mu 1968 ndi mu 1995, imene dziko linaiika pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika kutetezedwa, imene imadyetsa anthu matemba, makumba ndi milamba, siyenera kulandira zotsukuluza zathu.

Yankho lothetsa mkangano umenewu ndi lotsika mtengo. Pamene pamakhala zigubu mangani kakhoma ka njerwa ndi simenti kozungulira, kotha kusunga zonse za mgolo waukulu koposa ndi kachigawo kakhumi pamwamba pake. Asidi akhale ndi khola lake, jiki lake, makola awiriwo asakhale ndi ngalande yolumikizana. Pakhomo pakhale ndowa ya mchenga wouma ndi fosholo yapulasitiki. Utuchi ayi, chifukwa ukakumana ndi klorini waufa utha kuyaka. Migolo ndi matumba zikhale pa matabwa okwera, osati pansi. Amene anaona mvula ya Freddy mu March 2023 safunikira kuuzidwa chifukwa chake. Ndipo madzi otsukuluzira mgolo wa sopo musataye, asungeni akhale madzi oyambira batchi yotsatira ya sopo yemweyo. Izi zimatheka pokhapokha chinthu chilichonse chili ndi mgolo wake, jagi yake, chotakasira chake ndi fanelo yake, zopakidwa utoto umodzi: zofiira za asidi, zachikasu za jiki, zobiriwira za sopo. Taonani, utoto womwewo wateteza mtsinje, wapulumutsa mankhwala amene mukanataya, waletsa batchi kuipitsidwa, ndipo watseka njira ya ngozi yoopsa koposa pa malo anu.

Ngoziyo ndi iyi. Inu mumapanga zinthu ziwiri zimene siziyenera kukumana mpaka kalekale: jiki, amene ndi sodium hypochlorite, ndi mankhwala a m'chimbudzi okhala ndi asidi. Zikakumana zimatulutsa mpweya wa klorini. Mpweyawu ndi wolemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kawiri ndi theka, motero sukwera kudenga, umayala pansi, umadzaza m'maenje ndi m'makona. Masiki ya pepala kapena ya nsalu siuletsa ngakhale pang'ono. Munthu amatsokomola, maso amatuluka misozi, pachifuwa pamathina, ndipo choipa china n'chakuti atha kuoneka ngati wapeza bwino, kenako patapita maola madzi n'kuyamba kudzaza m'mapapo. Woteroyo sapatsidwa mkaka n'kuuzidwa kuti akapume kunyumba. Amapita naye kuchipatala.

Ndikuuzeni zimene ndinaziona ndi maso anga, pa fakitale ina imene sinditchula dzina. Inali nyengo ija ndalama zakunja zikusowa, ndipo hypochlorite wamadzi amene tinkagula anasowa. Wogula katundu, pofuna kuti ntchito isaime, anapeza klorini waufa, amene ambiri timangoti HTH, ndiye calcium hypochlorite wa mphamvu ya 65 mpaka 70 peresenti. Kumbali ya ubwino wa katundu tinayang'ana pepala la wogulitsa, tinawerengetsa muyezo watsopano, tinavomereza. Ine ndinali mmodzi mwa amene anasaina. Kumbali ya chitetezo palibe anauzidwa, chifukwa pa fomu yathu panalibe mzere wofunsa zimenezo. Zidebe za ufawo zinaikidwa pamene panali malo, pafupi ndi zigubu za asidi ndi botolo la oyilo wa jenereta. Ntchito yakale inali yongothira madzi m'madzi. Yatsopanoyi inafuna chotungira, ndipo mnyamata anatenga jagi imene inali pafupi, yomwe m'mawa mwake inayezera asidi. Sindidzaiwala mmene anatulukira pakhomo, atagwira pakhosi, akulephera kuitana dzina la mnzake amene anatsala m'kati. Onse awiri anachira. Patapita masiku tinapezanso kuti ufawo umasiya matope oyera pansi pa mgolo, ndipo matopewo ankatayidwa kuseri kwa mpanda. Titakhala pansi kufufuza, fomu iliyonse inali yodzazidwa bwino. Chinalakwika chinali pakati pa mafomuwo, pamalo pamene panalibe mwini.

Kuchokera nthawi imeneyo, ndikafika pamalo sindiyamba ndi kufunsa mfundo ya kampani yopachikidwa pakhoma. Ndimafunsa kuti: mukasintha kanthu, mumatani? Anzathu a ku England anaphunzira zimenezi ndi maliro. Ku Flixborough, mu 1974, thanki imodzi mwa zisanu ndi imodzi zolumikizana inang'aluka. Anaichotsa n'kuikapo payipi yokhota yongoyembekezera, imene chithunzi chake chinajambulidwa ndi choko pansi mu wekishopu, popanda kuwerengetsa bwino ngati ingapirire. Pa 1 June payipiyo inaphulika, mankhwala otchedwa cyclohexane anatuluka n'kuyaka, anthu 28 anafa. Mwambo wakuti kusintha kulikonse kuziyamba kwafunsidwa usanachitike unakula kuchokera pamenepo.

Kwa inu mwambowu ndi theka la tsamba. Wogulitsa watsopano, mankhwala olowa m'malo mwa ena, botolo la mtundu wina, mgolo wachitsulo m'malo mwa wapulasitiki, kusamutsa mosungira, waganyu wolowa m'malo mwa wodwala, kugwira usiku chifukwa masana magetsi anazima: zonsezi ndi kusintha. Musanavomere, anthu atatu, inu, wosakaniza ndi wogula katundu, muime pamodzi mufunse mafunso anayi. Chingapse, chingaphulike kapena kutulutsa mpweya? Chingadwalitse munthu pang'onopang'ono? Chotsala chake chipita kuti? Katundu wathu asintha bwanji? Chitsanzo chaching'ono: wina akabwera ndi poto wamkulu wa aluminiyamu kuti azisungunuliramo kositiki chifukwa mgolo wabooka, funso loyamba lomwelo limugwira, popeza kositiki amadya aluminiyamu n'kutulutsa hydrogen, mpweya woyaka. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo theka la tsambali ndilo pangano lanu. Pofunsana muzikhala ndi SDS ya mankhwalawo m'manja, pepala la zigawo 16 limene wogulitsa aliyense ayenera kukupatsani. Chigawo 4 chimanena za chithandizo choyamba, 7 za kasungidwe, 10 za zimene mankhwalawo sagwirizana nazo, 13 za katayidwe. Wogulitsa amene sangakupatseni SDS, ameneyo muzimukayikira pa zina zonse.

Ndikhalenso pang'ono pa jiki, chifukwa ndi pamene ubwino wa katundu umasanduka moyo wa munthu amene simudzamuona. Hypochlorite amafooka yekha ndi kutentha, ndi kuwala kwa dzuwa, ndi tizitsulo monga dzimbiri, kopa ndi nickel. Batchi yopangidwa mu October n'kusungidwa pansi pa malata otentha siikhala ndi mphamvu yomwe inali nayo tsiku lopangidwa. Tizitsulo tija timachititsanso kuti azitulutsa oxygen, ndiwo mabotolo ofufuma aja, amene amatha kuthudzukira m'maso mwa wotsegula. Tsono ganizirani za mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga, pafupi nanu pompo, mu March 2022, n'kutenga anthu oposa 1,700. Pa kolera azaumoyo amasungunula klorini motsata muyezo: 0.05 peresenti yosambira m'manja, 0.2 yotsukira pansi ndi ziwiya, 2 ya masanzi ndi chimbudzi cha wodwala. Wosungunulayo amakhulupirira nambala imene mwalemba pa lebulo. Mukalemba 3.5 koma m'botolo mwatsala theka lake, iye aganiza kuti wapha tizilombo pomwe sanaphe. N'chifukwa chake pa batchi iliyonse muzisunga botolo limodzi, muliyeze tsiku lopanga, patatha mwezi, ndi patatha miyezi itatu, kuti tsiku lothera mphamvu limene mumadinda lichokere pa zimene mwaona. Kuyezako ndi titration wamba wa iodide ndi thiosulphate, safuna makina odula. Muli ndi mwayi kuti University of Malawi ili pakhomo panu. Pitani ku dipatimenti ya chemistry ku Chanco mukafunse amene angakuonetseni kachitidwe kake.

Pano palinso kukokana kwina. Ubwino wa jiki umafuna chipinda chamdima ndi chozizira, ndiye anthu amatseka mawindo onse. Umoyo wa wogwira ntchito umafuna mphepo yodutsa. Mukaganiza mbali imodzi mutseka, mukaganiza inayo mutsegula dzuwa n'kulowa. Mukaganiza zonse pamodzi muika njerwa zamabowo m'munsi mwa khoma, kumene mpweya wolemera umatulukira, ndi zina m'mwamba, ndi siling'i yotchinga kutentha kwa malata.

Tsopano chimene anthu amataya. Mukaphatikiza, zinthu zochitika tsiku ndi tsiku zimadzaza msonkhano: madandaulo a makasitomala, malebulo opindika, oda yochedwa. Zimenezi zili ndi wozilankhulira, chifukwa zimakhudza ndalama za sabata ino. Ngozi yaikulu, imene mwina imabwera kamodzi pa zaka khumi, ilibe woilankhulira, ndipo pang'onopang'ono imatsikira kumapeto kwa ndandanda mpaka kusowa. Choipirapo n'chakuti bolodi lija lolembedwa masiku amene tatha popanda wovulala limagonetsa anthu tulo. Pa fakitale yoyenga mafuta ya BP ku Texas City, chiwerengero cha ovulala ndi zinthu zazing'ono monga kuterereka chinkaoneka bwino, koma pa 23 March 2005 kunaphulika, anthu 15 anafa. Ofufuza anapeza kuti akuluakulu ankayang'ana nambala imene siinkanena kanthu za ngozi yaikuluyo. Bolodi lotere limaphunzitsanso antchito kubisa, chifukwa palibe afuna kukhala amene wabweza nambala pa ziro.

Ndiye pophatikiza zonse, zinthu zochepa muzisiye zionekere pazokha, pa tsamba loyamba, ndipo msonkhano uliwonse uziyambira pamenepo. Kwa inu ndikuona zitatu: asidi kukumana ndi jiki, moto wa klorini waufa ngati mumasunga, ndi kositiki kapena asidi m'maso. Pa chilichonse musawerenge ovulala, muziwerenga zotchinga. Kodi sabata ino tapeza kangati jagi ya utoto wina pamalo olakwika? Kodi mgolo wa madzi otsukira m'maso unali wodzaza masiku onse, ngakhale tsiku limene mpopi unauma? Diso lolowa kositiki limafuna madzi oyenda mosalekeza kwa mphindi zosachepera 15, ndipo kwa kositiki ndi bwino kupitirira theka la ola, kutsuka kukupitirira ngakhale panjira yopita kuchipatala. Kabotolo ka theka la lita kopachika pakhoma sikangakwanitse zimenezo. Ndipo aliyense, ngakhale waganyu wa tsiku limodzi, akhale ndi mphamvu yoimitsa ntchito akaona chokayikitsa, popanda kudulidwa malipiro. Mawu amenewa atuluke pakamwa pa abwana eniake pamaso pa onse, chifukwa akatuluka kwa inu nokha anthu adikira kuona ngati abwana akuvomereza.

Umoyo nawonso umasowa mosavuta, chifukwa suchita phokoso. Kamodzi pamwezi yang'anani manja a anthu anu, kunsi ndi kumwamba, ndipo afunseni za chifuwa ndi mphuno. Wodwala mphumu asakhale pa jiki. Nsima isadyedwe m'chipinda chosakaniziramo, ndipo maovolosi azichapidwa pantchito pomwepo, asapite kunyumba kukasakanikirana ndi matewera a mwana.

Pali chinthu china chimene sindinachionepo mu fayilo yochokera kunja, koma kwathu kuno n'chachikulu: migolo ndi zigubu zotha. Mukudziwa mmene zimafunidwira. Mlonda akupemphani, oyandikana nawo akupemphani, ena amagula kukagulitsa kumsika, ndipo mawa muli madzi akumwa, thobwa kapena mafuta ophikira. Kukana n'kovuta chifukwa opemphawo ndi anthu owadziwa. Koma nkhaniyi ikukhudza mafayilo anu onse anayi nthawi imodzi, kuphatikizapo ubwino wa katundu, popeza chigubu chokhala ndi lebulo yanu chitha kudzazidwa madzi a utoto n'kugulitsidwa m'dzina lanu. Gwirizanani ndi okugulitsani kuti azitenga migolo yawo, ndi makasitomala akuluakulu kuti azibweza zigubu zanu muzidzazanso chinthu chomwecho. Zimene sizingabwerere, zitsukuluzeni katatu, madziwo alowe mu batchi, chotsani lebulo, boolani pansi.

Munthu amene anakusiyirani mafayilo musamuthamangitse, ntchito yake ili ndi zofunika zambiri. Muitaneni abwere tsiku lopanga jiki, avale majombo, aime pa mgolo kuyambira m'mawa mpaka batchi itatha, kenako mukhale naye pansi muchepetse. Mwezi woyamba lembani mankhwala onse amene ali pamalopo, kuchuluka kwake, pamene ali ndi SDS yake, kuphatikizapo zigubu zakale za kukona zimene palibe akukumbuka kuti muli chiyani, ndipo lekanitsani asidi ndi jiki sabata yomweyo. Mwezi wachiwiri lembani mapepala a pakhoma a ntchito zitatu zazikulu, ndi theka la tsamba lija la kusintha. Mwezi wachitatu tengani mndandanda wa mankhwalawo mukapereke kwa ozimitsa moto a khonsolo ya mzinda, adziwiretu chimene chili m'nyumba mwanu asanadzabwere usiku ndi madzi. Kope lina la ma SDS likhale mu envulopu pafupi ndi chitseko, kuti wopita ndi wovulala ku Zomba Central Hospital azinyamula, dokotala asachite kulota chimene chalowa m'diso.

Mukatero chitani kayesedwe kamodzi, masana, osachenjeza. Thirani madzi wamba pansi m'chipinda chosakaniziramo, fuulani kuti asidi wakumana ndi jiki, muyang'ane wotchi. Onani amene athamangire payipi, amene awerame kuti aone bwino, amene atulukire kumene mphepo ikulowera, ndi amene akumbuke kuwerenga anthu panja kuti aone ngati onse 14 atuluka. Mumangeni mnyamata mmodzi nsalu kumaso, mumuuze apeze yekha madzi otsukira m'maso kuchokera pa mgolo wa kositiki. Akapunthwa pa chigubu kapena akapyola masekondi 10 asanafike, sunthani madziwo tsiku lomwelo, ndipo mundilembere mundiuze zimene mwapeza.